Galimoto ikulira wiiiii mukaipatsa moto? Musathamangire kugula giyabokisi

Kaphokoso kaja ka wiiiii kamene kamayamba mukangoponda moto, n'kumakwera pamene galimoto ikuthamanga, kawonongetsa anthu ndalama zambiri zosafunika kuwononga. Chimachitika n'choti munthu ukafika pa galaja n'kunena kuti galimoto ikumalira ndikaipatsa moto, amakaniko ena asanatsegule n'komwe boneti amakhala atagamula kale kuti "bwana apa ndi giyabokisi basi", makamaka akaona kuti mwabwera ndi Note, Fit, Vitz kapena Sienta. Pena amakhala akunena zoona ndithu. Koma nthawi zambiri chikulira ndi ka bearing ka mu alternator (imene imatchaja batire) kapena ka pulley (kawilo koyendapo lamba), zinthu zoti mtengo wake suyandikira n'komwe wa giyabokisi, nde munthu umasintha chinthu chachikulu, kuyatsa galimoto, kaphokoso kaja kali pompo.

Musanagule chilichonse pezani kaye yankho la funso limodzi: phokosolo likutsatira injini kapena likutsatira matayala? Zimenezi mutha kuzidziwa nokha opanda sipanala.

Imitsani galimoto pamalo abata, muike pa P kapena pa nyutulo, handibuleki mwakoka, wailesi ndi AC mwathimitsa. Kenako levani pang'onopang'ono mpaka singano yoonetsa kuzungulira kwa injini ifike cha m'ma 2500 kapena 3000, n'kusiya. Ngati kulirako kukumveka galimoto ili chiimire, kukukwera singano ikamakwera n'kutsika ikamatsika, ndiye matayala, difu (imene imagawa mphamvu ku matayala) ndi ma bearing a m'mawilo achotseni m'maganizo chifukwa palibe chimene chikuzungulira kumeneko. Vuto lili pa injini kapena pa zinthu zimene injini imazunguza. Ngati pa P kuli zii, pitani pa msewu wa tala wosalala wopanda magalimoto ambiri, mawindo mwatseka kaye kenako mwatsegula, mufike pa sipidi imene imalira kwambiri, ndiye musinthe giya koma sipidi ikhale yomweyo. Pa manyuwalo chokani pa 5 kupita pa 4, pa otomatiki kokani kupita pa S kapena dinani O/D off. Singano ya injini idumpha. Kulira kukadumpha nayo, nkhani ili kumbali ya injini. Kukapanda kusintha, chikulira ndi chimene chikuzungulira limodzi ndi matayala.

A ma CVT, ma otomatiki aja oyendera lamba m'malo mosintha magiya, muli ndi mwayi pamenepa, chifukwa mukaponda moto mwamphamvu singano imapita pamalo amodzi n'kukhazikika pomwepo pamene sipidi ikukwerabe. Ingomvetserani nthawi imeneyo: kulira kukhale pamodzimodzi ngati singano, kapena kuzikwerabe ngati sipidi. Ndipo muonenso chimene chimachitika mukachotsa phazi pa moto, kaya kumatheratu, kaya kumapitirira, kaya kumasintha mawu. Jambulani pa foni, chifukwa galimoto zimenezi zikafika pamaso pa makaniko zimangoti duu, inu n'kumaoneka ngati wabodza.

Tiyambe ndi pamene kulira kukutsatira injini. Woyamba kumukayikira ndi alternator. Imazungulira mwachangu kuposa injini yomweyo chifukwa pulley yake ndi yaing'ono, imamwa fumbi la m'misewu yathuyi, dzinja imamwa madzi, kenako anyamata a pa kawashi amabwera ndi paipi ya presha kulunjika pomwepo poti bwana anati injini iwale. Girisi wa mu bearing akatha imayamba kuimba. Kuiyesa kwake, injini ili pa aidulo yatsani magetsi aakulu, fani ya m'kati pa 4, ndi chotenthetsa galasi lakumbuyo, zonse pakamodzi. Kulira kukakula pamene mwaisenzetsa katunduyo, ndi yomweyo. Amene muli ndi kamita yezani pa batire: injini yozima izionetsa cha m'ma 12.6 V, ikamalira izionetsa pakati pa 13.5 ndi 14.5 V. Komano dziwani kuti alternator itha kumatchaja bwinobwino bearing yake ili yakutha, nde mita isakupusitseni. Ndipo chonde, chizolowezi chija chochotsa theminolo ya batire injini ikulira pofuna kuona ngati alternator ikutchaja, chinali cha galimoto zakale zopanda kompyuta. Pa galimoto za masiku ano mutha kuwotcha kompyuta ya injini, vuto la bearing n'kusanduka la kusaka kompyuta ku Ndirande.

Pali kulira kwinanso kwa alternator kumene sikuchokera mu boneti koma m'masipika. Galimoto zochokera ku Japan zimabwera ndi wailesi yoyambira pa 76 n'kuthera cha pa 90 MHz, nde ambiri timaikitsa ka expander kothandiza kugwira mawailesi akuno kapena sikirini ya Android, ena mpaka ampu ndi sabu kumbuyo, ndipo waya wa ethi amangomangidwa pa kabawuti kalikonse ka penti kapena ka dzimbiri. Zotsatira zake mukaponda moto masipika amati wiiii motsatira injini. Thimitsani wailesi kotheratu, osati kungochepetsa voliyumu. Kukatha, kakonzetseni ethiyo ndipo waya wa moto wa ampu asayende limodzi ndi mawaya a mawu. Kukabwerabe mawaya ali bwino, wa zamagetsi ayeze ma diode a mu alternator.

Njira imene imathetsa mkangano wonse wa kutsogolo kwa injini ndi kuchotsa fanibeluti. Jambulani kaye mmene lamba wayendera, mumuchotse injini ili yozizira, muyatse kwa masekondi 30 kapena kuposera pang'ono, muleve kawiri katatu n'kuzimitsa. Osapitirira pamenepo chifukwa pa injini zambiri ngati 1NZ ya mu Probox ndi Sienta kapena 1KR ya mu Vitz ndi Passo, lamba yemweyo ndi amene amazunguza wota pampu. Getsi la batire liyaka pa dashibodi, musadandaule nalo. Kulira kukatha, wolakwa ali pa mzere wa lamba, ndiye injini itazima zunguzani pulley iliyonse ndi dzanja. Yabwino imazungulira mosalala komanso molemererako pang'ono chifukwa cha girisi, yakutha imapepuka kwambiri, imachita khwekhwekhwe kapena imagwedera mukaikankha cham'mbali. Tensioner yothinitsa lamba ndi idler yomuwongolera musaziiwale, ndi tizinthu tating'ono koma timalira kuposa msinkhu wake. Wota pampu yakutha kawirikawiri imasiyanso mkwasa wa kulanti wouma pansi pake.

Amakaniko ena amagwiritsa sikuludiraiva yaitali, nsonga pa thupi la alternator, chogwirira pa khutu, injini ikulira. Zimathandizadi, koma malaya apisidwe, chingwe cha makiyi kapena cha ID chichoke m'khosi, ndipo mukumbukire kuti fani ya pa redieta imayaka yokha osakuchenjezani.

Lamba weniweniyo kulira kwake n'kosiyana, amachita kwiiii kwakuthwa makamaka m'mamawa, mvula ikagwa, kapena mukangonyamuka. Thirani timadzi pang'ono mbali ya mizere: akakhala chete kwa kanthawi ndiye watha kapena pali pulley yopendekeka, akalira kwambiri ndiye wakhwepa. Kupaka sopo, kandulo kapena buleki fuluwidi ndi kubisa matenda chabe, ndipo fuluwidiyo amadya labala.

Za pawa sitelingi, onani kaye ngati galimoto yanu ili ndi pampu n'komwe. Fit, Note, Vitz zoyambira 2005 ndi zina zambiri zazing'onozi sitelingi yake ndi yamagetsi, mulibe pampu mulibe mafuta, nde wina akakuuzani kuti pampu ya sitelingi yatha pa Fit, tengani makiyi anu muzipita. Koma pa Hilux, Hiace, ma Corolla akale a AE100 ndi AE110, pampu ilipo ndipo imalira motsatira injini, n'kuwonjeza mukakhotetsa sitelingi mpaka kumapeto. Tsegulani kabotolo kake. Mafuta akachepa kapena akamachita thovu ndiye ikukoka mpweya penapake, kawirikawiri pa paipi yochokera ku kabotoloko kapena pa ka O-ring kolowera mu pampu. Ma Toyota amenewa amamwa ATF (mafuta a giyabokisi ya otomatiki) ya Dexron, ma Honda okhala ndi pampu amafuna mafuta akeake a Honda, werengani pa chivindikiro. Mukathira, kwezani kutsogolo pa jeke n'kumazunguza sitelingi uku ndi uku injini yozima kuti mpweya utuluke, kenako muyatse. Pampu imene yayenda nthawi yaitali youma imalirabe ngakhale mutadzaza.

AC ndi yosavuta, ingoyatsani n'kuthimitsa. Ikamalira mwaiyatsa ndi compressor yeniyeniyo, ikamalira mwaithimitsa n'kusiya mukaiyatsa ndi bearing ya pulley yake, imene itha kusinthidwa payokha osataya gasi. Ndipo ngati kulira kunayamba mutangosinthitsa timing belt pa injini ngati 5A, 3S kapena 5L, bwererani komweko, lambayo anathinitsa kwambiri kapena anasiya ma bearing akale m'katimo.

Tsopano a dizilo ya turbo, ma D-4D a 1KD ndi 2KD, ma Ranger ndi ma D-Max. Kamluzu kochepa mukaponda moto n'kachibadwa. Kakakula mwadzidzidzi, galimoto n'kufooka pa chitunda, kumbuyo utsi wakuda, yambani mwaona mapaipi opita ku intercooler (yoziziritsa mpweya wochokera mu turbo), mupeza ina yang'ambika kapena kilampu yamasuka, pamalopo pamakhala timafuta tonyowa. Iyi ndi nkhani ya paipi chabe. Koma kukakhala kulira kwa sayirini kokwera n'kutsika, oyilo n'kumachepa, utsi wabuluu kapena wotuwa, chotsani paipi yolowera mu turbo injini yozima ndi yozizira, mugwire kashafiti kapakati. Kugwedera pang'ono cham'mbali kumakhalapo, koma kakamalowa n'kutuluka kapena mapiko akamakhudza khoma, imitsani galimoto, chifukwa zidutswa zake zikathothoka zimalowa mu injini. Posintha turbo atsukenso kapena asinthe kapaipi kobweretsa oyilo, apo ayi yatsopanoyo ifanso imfa yomweyo. Eni ake a Note ya E12 yolembedwa DIG-S, yanuyo ili ndi supercharger yopopera mpweya mu injini, nde kakulira kochepa mukaiponda kwambiri musataye nako tulo. Chimodzimodzi Aqua ndi Prius, ka wiii kosalala ponyamuka ndi poponda mabuleki ndi mamota ake amagetsi.

Kulira kochokera pansi pa mpando wakumbuyo, kumene kumamveka ngakhale pa aidulo, ndi fyuwelo pampu. Iyi yavutika kwambiri ndi nyengo za kusowa kwa mafuta zija, galimoto kuyenda masiku ndi getsi la thanki loyaka, kenako kumwa petulo wa m'zigubu wosadziwika kumene wachokera. Pampu imaziziritsidwa ndi petulo amene yamiramo, thanki ikamakhala youma imatentha, kasefa kake kakatsekeka ndi zinyalala imakoka movutika. Ikayamba kutsamwa pa chitunda mudziwe kuti yatsala pang'ono kukusiyani panjira.

Tibwere ku kulira kotsatira sipidi. Bearing ya wilo imayamba ndi huuu cha m'ma 40 kapena 60 km pa ola n'kumakula, ilibe nazo ntchito kuti mwaponda moto kapena mwasiya. Pa msewu wopanda anthu gwedezani sitelingi pang'ono kumanzere ndi kumanja: ikamakula mukakhotera kumanzere kawirikawiri ndi ya kumanja chifukwa kulemera kwapita kumeneko. Kwezani pa jeke, zunguzani tayala dzanja lina litagwira sipuling'i, mumva kunjenjemera. Matayala odyeka mabampumabampu amanamizanso chimodzimodzi, asinthanitseni akutsogolo ndi akumbuyo muone ngati phokoso lasamuka.

Difu ndi imene imayenderana kwambiri ndi phazi lanu, ndipo apa ndikunena galimoto zokoka ndi kumbuyo, Hilux, Hiace, Ranger, Mark X, malole ang'onoang'ono. Mukaponda moto imalira kuchokera kumbuyo, mukachotsa phazi imangoti zii pompo, mukapondanso yayambanso. Zikatero mano a crown wheel ndi pinion, magiya awiri olumana mu difumo, adyeka kapena sakulumana bwino. Ikamalira mukasiya moto pa mtsetse, kawirikawiri ndi ma bearing a pinion amene akhwepa. Chimapha difu kwathu kuno ndi zitatu: katundu wopyola muyezo, oyilo amene sanasinthidwepo chigulireni galimoto, ndi madzi. Difu yotentha ikalowa mu mtsinje kapena m'zithaphwi zakuya za dzinja imazizira mwadzidzidzi n'kukoka madzi kudzera pa kabulitha kapamwamba, oyilo n'kusanduka ngati tiyi wamkaka. Tsegulani bawuti yothirira kaye musanatsegule yokhuthulira, chifukwa mutha kukhuthula kenako yothirira n'kukana kumasuka. Oyilo azifika pa mlomo pa bowolo. Pa bawuti yapansi pali maginito, kaphala kosalala kotuwa si vuto, koma tizidutswa tomveka m'zala ndiye m'katimo zinthu zikuswekana. Thirani giya oyilo wa GL-5 wa makulidwe amene buku la galimotoyo likunena, ndipo ngati difu yanu ndi LSD (yoletsa kuti tayala limodzi lizingozungulira lokha poterera) pamafunika wolembedwa LSD. Ndikuuzeni zoona, mano akadyeka mpaka kuimba, oyilo watsopano amangochepetsa, sathetsa. Ena amathiramo oyilo wolimba kwambiri kuti ikhale chete pa tsiku logulitsa, nde pogula pikapu muiyendetse mpaka itenthe. Komanso ngati inayamba kulira mutangosinthitsa silu ya pa pinion, natiyo sanaimange pa muyezo wake, bwererani mwachangu ma bearing asanapse. Kusetinga difu si ntchito ya makaniko aliyense, funsani amene amachita za madifu zokhazokha. A 4x4 onaninso kuti simunaiwale pa H4 (pamene matayala onse anayi amakoka) muli pa tala, komanso kuti matayala onse anayi ndi a saizi imodzi.

Giyabokisi ya manyuwalo imadziulula ndi kilatchi. Pa nyutulo ikamalira n'kusiya mukaponda kilatchi, ndi bearing ya shafiti yolowera. Ikamalira pokhapokha mwaponda kilatchi, ndi release bearing, yotchipa koma mpaka bokosi litsike. Ikamalira mu giya imodzi yokha ndi mano a giya imeneyo. Kulira pa rivesi n'kwachibadwa, mano ake ndi owongoka.

Nde tifike pa CVT, pamene pali misozi yambiri. M'katimo mulibe magiya osinthasintha, muli ma pulley awiri ndi lamba wachitsulo amene amagwira chifukwa cha presha ya mafuta, ndiye mafutawo ndiye moyo wake wonse. Sienta ya NCP81 yokoka kutsogolo, Axio ndi Fielder zoyambira 2006, Probox zoyambira 2014, Note, Fit, zambiri mwa zimenezi ndi CVT, ndipo ndi zomwezi zimene tazisandutsa mataxi, anthu thoo kuphatikiza matumba a chimanga, kukwera nazo Chiweta, Thabwa kapena chitunda cha Golomoti masana dzuwa likuswa mtengo. Mafuta akatentha amachepa mphamvu, amachita thovu, pampu ya m'kati imayamba kulira, ndipo ma Nissan makamaka amadziteteza pochepetsa mphamvu moti mumaponda moto galimoto osapita. Ngati yanu imalira pokhapokha mwayenda mtunda wautali kapena pa chitunda, n'kukhala chete ikazizira, ikadali yopulumutsika. Imani pambali ipume, ndipo sabata yomweyo musinthe mafuta, muonetsenso ka cooler kake ndi redieta.

Mafuta ake ndi pamene anthu amalakwitsa. ATF wamba wofiira uja wa ma otomatiki akale saloledwa mu CVT ngakhale wa pa shopu atalumbira kuti ndi chimodzimodzi. Note ya E11 imafuna NS-2, ya E12 imafuna NS-3. Ma Toyota akale amafuna CVT Fluid TC, atsopanopo FE, ndipo kawirikawiri zimalembedwa pa bawuti yothirira. Fit ya GD ndi GE imafuna HMMF, ya GK yoyambira 2013 imafuna HCF-2. Zabodza ziliponso zambiri pa msika, chigubu chotchipa modabwitsa muchikayikire. Muyezo nawo ndi nkhani, ambiri mwa mabokosi amenewa alibe dipusitiki, amayezedwa ndi kabawuti kapansi mafuta ali pa kutentha kwake koyenera, kompyuta italumikizidwa. Akachepa imalira, akachuluka amachita thovu imaliranso. Kunena kuti mafuta a CVT sasinthidwa mpaka galimoto kutha, ine sindivomereza pa misewu ndi kutentha kwathu kuno, ndimati pa 40,000 km iliyonse, ndipo galimoto ikangofika kuchokera ku Dar es Salaam musinthiretu chifukwa simukudziwa mwini wake wakale anasiyira pati. Posinthapo atsitse sampu, atsuke maginito, asinthe sefa, ndipo inu muone ndi maso anu zimene zili m'sampumo.

Ngati kulira kulipo nthawi zonse, yozizira kapena yotentha, kukukwera ndi sipidi, galimoto ikunjenjemera ponyamuka kapena singano ikuuluka sipidi osabwera, ndipo m'sampu muli tizitsulo tonyezimira, pamenepo makaniko uja ananena zoona. Bearing yokha ya m'kati itha kusinthidwa ndi amene amazidziwa ngati lamba ndi ma pulley sizinakandike, koma zikakandika ambiri amangogula bokosi lina lochotsa ku galimoto ina. Pogula, nambala ya bokosi ifanane ndi yanu, imene ili pa kachitsulo ka chasisi mu boneti kapena pa chitseko, chifukwa ma Vitz awiri ooneka mofanana atha kukhala ndi mabokosi osiyana. Muwauze atsegule sampu musanalipire, mugwirizane masiku oyesera ndipo alembe pa lisiti, osati zapakamwa. Poikapo atsuke cooler ndi mapaipi ake kuti tizitsulo ta bokosi lakale tisalowe mu latsopanolo, athire mafuta oyenera aja, kenako alumikize kompyuta kuti bokosilo ligwirizane ndi galimoto musanatuluke nayo pa geti.